MUYESO USAPENDEKERE KWA MWINI SIKELO

Za chowerengera mtunda m'galimoto yatsopano ndi lonjezo la kampani

Wolemba Mtola Nkhani Wathu

Munthu wogula galimoto yatsopano amagula zinthu ziwiri pa mtengo umodzi. Choyamba ndicho galimotoyo, imene amaiona ndi maso nakhalamo. Chachiwiri ndilo lonjezo lolembedwa, lotchedwa waranti, lakuti chinthu chikaonongeka chifukwa cha kulakwa kwa opanga, kampani idzachikonza popanda mwini galimoto kulipira kanthu. Lonjezo limeneli liri ndi malire awiri, a nthawi ndi a mtunda, ndipo limatha pamene galimoto yafika pa malire amene ayamba kukwanira. Nthawi siibvuta kuwerenga, pakuti kalendala ali pa khoma la munthu ali yense, ndipo masiku ake satalika kapena kufupika chifukwa cha kufuna kwa wogulitsa. Koma mtunda umawerengedwa ndi kachipangizo kamene kali patsogolo pa woyendetsa, kotchedwa odometer m'Chingerezi, kamene ife tidzakatcha chowerengera mtunda. Amene anakapanga ndi kukaika m'galimotomo ndi yemweyo amene analonjeza.

Munthu ali yense wozolowera malonda adziwa kuti sikelo ya wogulitsa siikhulupiridwa chifukwa cha nkhope yabwino ya mwini wake, koma chifukwa yayesedwa ndi wina wosakondera. Palibe sikelo yolungama kotheratu, ndipo munthu wanzeru sayembekeza zotere. Koma sikelo imene kulakwa kwake kumagwera mbali imodzi masiku onse, mbaliyo ndi kukhala ya mwini sikelo, iri ndi mlandu woti iyankhe, kungakhale kulakwako kuchepe chotani. Maganizo athu ndi akuti chowerengera mtunda chiri ngati sikelo, ndi kuti pamene pali chikaiko pa kuwerenga kwake, katundu wa chikaikocho ayenera kusenzedwa ndi kampani imene inachipanga, osati ndi wogula. Mlandu wina wa ku America utithandiza kuona chifukwa chake.

Mlandu wa Honda Odyssey

Honda Odyssey ndi galimoto ya banja, ya mtundu umene a ku America amautcha minivan, ndiko kuti yaikulu kuposa galimoto wamba koma yochepera minibasi, yonyamula anthu 7 kapena 8. Mabanja amaigula chifukwa cha maulendo, ndipo galimoto ya maulendo siichedwa kufika pa malire a mtunda. Kuyambiriro kwa zaka za m'ma 2000 waranti ya kampaniyi ku America inali ya zaka 3 kapena mailosi 36,000, amene ali pafupi makilomita 58,000. Loya wina wa m'chigawo cha Arkansas, amene anali kuyendetsa galimoto yotere, anakaikira kuti chowerengera mtunda chake chinali kuthamanga kuposa galimotoyo. Kukaika kumeneku kunafika m'makutu a maloya anzake, ndipo m'chaka cha 2004 mlandu unalowa m'bwalo la Boma la United States m'chigawo cha Texas. Unali mlandu wa gulu, umene munthu mmodzi amasuma m'malo mwa anthu onse amene dandaulo lao liri lofanana ndi lake.

Odandaula anati zowerengera mtunda za kampaniyi zinali kuonjezera mailosi 2 kufikira 4 pa mailosi 100 ali onse, osati mu Odyssey mokha koma m'magalimoto ake enanso. Kampani sinabvomere kuti inalakwa, komabe inasankha kuti mlandu uthe mwa chimvano, ndipo bwalo linabvomereza chimvanocho m'chaka cha 2007. Chinakhudza magalimoto a Honda ndi a Acura pafupi 6 miliyoni, ogulidwa kapena obwerekedwa pakati pa April 2002 ndi November 2006. Kampani inatalikitsa malire a mtunda a waranti ndi magawo 5 pa 100, kotero kuti mailosi 36,000 anasanduka 37,800. Inalonjezanso kubwezera ndalama anthu amene analipira okha zokonzetsa m'kati mwa mtunda woonjezedwawo, ndi ena amene anabwereka magalimoto pa pangano la zaka nalipitsidwa chifukwa chopitirira mtunda wa m'panganolo.

Koma chimene tifuna kuti owerenga athu achisunge ndicho yankho limene kampaniyo inapereka. Inati zowerengera zake zinapangidwa kuti zikalakwa, zisaonjezere koposa magawo 3.75 pa 100, ndipo zisachepetse koposa gawo limodzi pa 100. Inatinso zimenezi zinali m'kati mwa muyeso wa bungwe la akatswiri a magalimoto la Society of Automotive Engineers, umene unali kulola magawo 4 pa 100 mbali iri yonse. Mau amenewa anali oona, ndipo ndi omwewa amene akuonetsa pamene panali bvuto. Mpata wa kulakwa unali waukulu ku mbali yopindulira kampani, wochepa ku mbali yopindulira wogula. Kuyambira pa magalimoto a chaka cha 2007 kampani inakonza kuti mpatawo ukhale wofanana mbali zonse ziwiri. Chinthu chimene chinatheka mu 2007 sichikanakanika zaka zisanu m'mbuyo mwake.

Tiyeni tiwerengere

Aphunzitsi a masamu adzaona kuti nkhaniyi ndi ya ana a sukulu ya pulaimale. Ngati chowerengera chionjezera magawo 2 pa 100, chidzaonetsa 36,000 pamene galimoto yayenda mailosi 35,294 okha, ndipo mwini wake wataya mailosi 706 a lonjezo limene analipira. Chikaonjezera magawo 3, wataya mailosi 1,049. Chikaonjezera magawo 4, wataya 1,385. Munthu woyenda mailosi 12,000 pa chaka amayenda mailosi 1,000 pa mwezi, kotero tinene kuti walandidwa mwezi wathunthu wa chitetezo chake. Anthu ambiri adzadutsa mwezi umenewo popanda kanthu kuonongeka, ndipo sadzadziwa kuti anataya china chake. Koma alipo wina amene giyabokosi yake idzafa m'mwezi womwewo. Iye adzapita ku galaja, makaniko adzasuzumira pa chowerengera naona 36,400, ndipo adzamuuza mwaulemu kuti waranti inatha. Munthuyo adzalipira yekha, pamene mwa choonadi galimoto yake inali isanafike pa malire.

Kutaya sikuthera pa waranti pokha. Ku America anthu ambiri sagula galimoto, koma amaibwereka kwa zaka ziwiri kapena zitatu pa pangano lakuti asapitirire mtunda wakuti, ndipo mailosi ali onse opitirira amalipiridwa pobweza galimotoyo. Wotere amalipira mtunda umene sanayende. Masiku osintha oilo ndi kuonetsa galimoto ku galaja amawerengedwanso ndi mtunda, chotero amafika msanga. Pogulitsa galimoto, wogula amayang'ana chowerengera asanayang'ane injini, ndipo mtengo umatsika monga mwa mtunda umene waona. Chotsiriza ndi chobisika kuposa zonsezi. Munthu akafuna kudziwa mmene galimoto yake imamwera mafuta, amagawa mtunda ndi malita amene anathira. Mtunda ukachuluka pa chowerengera, galimoto imaoneka ngati yosunga mafuta, ndipo mwini wake amaiyamikira kwa anzake chifukwa cha ubwino umene iribe.

Onani kuti pa zonsezi palibe chimodzi chimene chipindulira wogula. Ndipo chimene chiri chaching'ono kwa munthu mmodzi sichiri chaching'ono kwa kampani, pakuti pang'ono-pang'ono ndi mtolo. Tingoyerekeza kuti galimoto iri yonse mwa 6 miliyoni zija inataya mailosi 700 okha. Pamodzi ndiwo mailosi 4,200 miliyoni amene kampani inalonjeza kuwateteza koma inamasulidwa asanayendedwe. Sitinena kuti wina anakhala pansi ndi kupangana zimenezi, ndipo bwalo silinagamule kotero. Tinena kuti pamene kulakwa kupindulira munthu, munthuyo safulumira kukufufuza.

Chifukwa chake chowerengera chimalakwa

Kuti tiweruze mwachilungamo, tiyenera kudziwa mmene kachipangizoka kamagwirira nchito. Chowerengera mtunda sichiona mseu. Chimawerenga kuti mawilo azungulira kangati, ndipo chimachulukitsa chiwerengerocho ndi mtunda umene opanga anachiuza kuti tayala limayenda likazungulira kamodzi. Kale kuwerengaku kunachitika ndi chingwe chozungulira chochokera ku giyabokosi. Masiku ano kumachitika ndi magetsi ndi kompyuta yaing'ono ya m'galimoto. Koma maziko ake sanasinthe. Tayala la minivan limayenda mamita awiri ndi pang'ono likazungulira kamodzi, ndiko kuti limazungulira koposa 700 pa mailosi imodzi. Tayalalo likachepa msinkhu, liyenera kuzungulira kochuluka kuti lithe mtunda womwewo, ndipo chowerengera, chosadziwa kuti tayala lasintha, chimalemba mtunda woposa.

Tsono tayala liri lonse limachepa. Latsopano liri ndi mano akuya pafupi mamilimita 8, ndipo m'maiko ambiri lamulo limati lichotsedwe manowo akatsala mamilimita 1.6. Popeza tayala limadyeka kuzungulira konse, msinkhu wake umachepa ndi mamilimita pafupi 13. Pa tayala la msinkhu wa mamilimita 700 amenewo ndiwo magawo pafupi 2 pa 100. Mpweya wochepa, katundu wolemera, ndi matayala a saizi ina yosiyana ndi imene opanga analemba, zonsezi zimasinthanso kuwerenga. Chifukwa chake kampani ikanena kuti palibe chowerengera changwiro, inena zoona, ndipo mwini galimoto amene anaika matayala aang'ono mwa kufuna kwake alibe woti amudandaulire.

Komatu mfundo yomweyi ndiyo ikulitsa dandaulo la munthu wa galimoto yatsopano. Tsiku lotuluka m'sitolo matayala ali pa msinkhu wao wonse, ndipo ndilo tsiku limene chowerengera chiyenera kulemba mtunda wochepa kuposa masiku ena onse. Ngati pa tsiku limenelo chiri kuonjezera kale magawo 3, pakutha kwa matayalawo chidzayandikira magawo 5. Opanga amadziwa kuti matayala amatha, monga wosoka zobvala adziwa kuti nsalu imafupika ikachapidwa. Wofuna chilungamo akanakonza chowerengera molingana ndi tayala lodyeka pakati, kuti chichepetse pang'ono poyamba, chionjezere pang'ono pomaliza, ndipo zonse pamodzi zilingane.

Pali chisokonezo china chimene tiyenera kuchichotsa. Ambiri anamva kuti chosonyeza liwiro chimapangidwa dala kuti chizionjezera, ndipo amaganiza kuti chowerengera mtunda chiyeneranso kutero. Za chosonyeza liwiro ndi zoona. Lamulo la bungwe la United Nations limene maiko a ku Europe ndi ena ambiri amatsata limati chisasonyeze liwiro lochepera leni-leni, koma chingathe kuonjezera kufikira gawo limodzi pa magawo 10, ndi makilomita 4 pa ora pamwamba pake. Motero galimoto yothamanga makilomita 100 pa ora ingasonyeze mpaka 114 osaswa lamulo. Cholinga chake ndi kupulumutsa moyo, kuti woyendetsa asathamange koposa mmene aganizira. Koma palibe moyo umene umapulumuka chifukwa mtunda walembedwa wochuluka. Chifukwa chimene chikhululukira chimodzi sichikhululukira chinzake.

Zimene ena anganene

Wina adzati: nanga kampani inaswa lamulo liti? Funsoli ndi loyenera, ndipo yankho lake liri ndi phunziro. Lamulo la United States la chaka cha 1972, limene linalimbikitsidwa mu 1986, limaletsa kubweza chowerengera m'mbuyo, kuchimasula, kapena kuika chipangizo chochinamiza. Koma potchula mtunda woona, lamulolo limati ndiwo umene chowerengera chalemba m'kati mwa mpata wa kulakwa umene wopanga anaika. Ndiko kunena kuti lamulo linasiya muyeso m'manja mwa mwini sikelo. Pa nthawi ya mlandu wa Honda, ofesi ya Boma yoyang'anira chitetezo cha pa mseu m'dzikolo inati iyo imalimbana ndi onyenga, osati ndi kulungama kwa chowerengera chochokera ku fakitale, ndipo muyeso wa akatswiri uja wa magawo 4 unali wongodzipereka, wosakakamiza munthu. Choncho kusaswa lamulo sikutsimikiza kuti panali chilungamo. Kungosonyeza kuti lamulo linali ndi chibowo.

Winanso adzati mlanduwo unapindulira maloya, amene malipiro ao anafika pafupi madola 9.5 miliyoni, pamene mwini galimoto wamba analandira mailosi 1,800 amene kapena sanawagwiritse nchito. Ifenso sitikondwera ndi milandu yonenepetsa oimira koposa oimiridwa. Koma tifunse: kukanakhala kuti mlandu kunalibe, ndani akanakonza? Palibe munthu mmodzi amene angasumire kampani yaikulu chifukwa cha mailosi 700, pakuti ndalama za mlandu zikanaposa chimene anataya. Ngati tidana ndi njira ya milandu, tiyenera kufuna njira ina yotsika mtengo, ndiyo lamulo lomveka ndi woyesa wosakondera. Kudana ndi zonse ziwiri ndiko kunena kuti kampani idziyese yokha.

Tiyeneranso kusiyanitsa nkhaniyi ndi chinyengo cheni-cheni, kuti tisaneneze munthu mlandu woposa wake. M'chaka cha 1987 kampani ya Chrysler inaimbidwa mlandu wakuti akulu a m'mafakitale ake anali kuyendetsa magalimoto atsopano atamasula zowerengera, ndipo pambuyo pake magalimotowo, oposa 60,000, anagulitsidwa ngati osayendapo. Mtsogoleri wa kampaniyo, Bambo Lee Iacocca, anapepesa poyera, natalikitsa waranti ya magalimotowo kufikira zaka 7 kapena mailosi 70,000, ndipo mu 1990 bwalo linalipitsa kampaniyo madola 7.6 miliyoni. Kumeneko kunali kubisa mwadala, ndipo za Honda sizinali zotero. Koma onani kuti m'milandu yonse iwiri mankhwala anali amodzi, ndiwo kutalikitsa lonjezo. Makampani eni ake anazindikira kuti chowerengera chikakaikitsa, chimene chabvulala ndi waranti.

Ndipo nkhaniyi siinathe ndi zaka zimenezo. M'chaka cha 2025 mwini galimoto wina ku California anasumira kampani ya Tesla, nanena kuti chowerengera chake chinali kuthamanga kotero kuti waranti ya mailosi 50,000 inatha msanga. Amenewo anali mau a wodandaula, osati chigamulo cha bwalo. Tawatchula chifukwa akutikumbutsa kuti lero mtunda umawerengedwa ndi kompyuta imene mwini galimoto sangaitsegule, ndipo makaniko wa pansi pa mtengo sangaione m'kati. Pamene muyeso ubisika kwambiri, mpamene kufunika kwa woyesa wapadera kukula.

Mwini galimoto achite chiani?

Munthu wokaikira chowerengera chake asayambe ndi mkwiyo, koma ndi kuyesa, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Ayambe waona kuti matayala ndi a saizi imene opanga analemba, ndi kuti mpweya uli monga mwa kapepala kamene kamamatidwa pa mphuthu ya chitseko cha woyendetsa. Kenaka asankhe mseu woongoka ndi wosakwera mapiri, ayerekeze chowerengera ndi zizindikiro za mtunda za m'mbali mwa mseu, ndiponso ndi GPS ya m'foni. Mboni ziwirizi ziri ndi zofooka zake: zizindikiro zina zinaikidwa mseu usanaongoledwe, ndipo GPS imadula ngodya pa mseu wokhota-khota. Koma zonse ziwiri zikagwirizana potsutsa chowerengera, pamenepo pali nkhani.

Mtunda woyesera ukhale wautali. Chowerengera cha ulendo umodzi chimalemba kagawo kamodzi mwa magawo 10 a kilomita. Pa makilomita 10, kagawo kameneka ndiko gawo limodzi pa 100, ndipo munthu sangasiyanitse kulakwa kwa chipangizo ndi kulakwa kwa maso ake. Pa makilomita 100 kagawo komweko sikasokoneza kanthu. Ayese katatu kapena kanai, masiku osiyana, popita ndi pobwera, ndipo alembe tsiku, mseu, ndi manambala onse. Akapeza kusiyana kochepera gawo limodzi pa 100, agone tulo. Akapeza magawo 3 kapena 4 pa matayala atsopano, ulendo ndi ulendo, asachedwe.

Asachedwe, chifukwa dandaulo loperekedwa waranti iri moyo liri ndi mphamvu yoposa loperekedwa itatha. Apite kwa ogulitsa ndi kalata, osati ndi pakamwa pokha, apemphe kuti dandaulolo lilembedwe pa pepala la nchito la galaja pamodzi ndi tsiku ndi mtunda wa tsikulo, ndipo atengeko kope lake. Akamuuza kuti kulakwako kuli m'kati mwa muyeso wa kampani, afunse kuti muyesowo ndi wotani, mbali iyi ndi mbali iyo, ndipo aupemphe wolembedwa. Chowerengera mtunda ndi chiwalo cha galimoto monga china chiri chonse. Chikapitirira muyeso wa eni ake, chiyenera kukonzedwa pa waranti yomweyo. Chikakhala m'kati mwa muyeso koma chopendekera, apemphe kalata yobvomereza kuti malire a mtunda adzawerengedwa ndi choonjezera chofanana ndi kulakwako. Kapena adzamukaniza. Koma tsiku limene injini idzabvuta mailosi ochepa kupitirira malire, mapepala amenewo ndiwo adzamulankhulira. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Nanga ife kuno?

Magalimoto ambiri a m'miseu yathu ndi ogwirapo kale nchito, ochokera ku Japan kudzera ku madoko a Dar es Salaam, Beira ndi Durban. Amenewa alibe waranti ya opanga, ndipo choopsa chake chiri mbali ina, ndicho chowerengera chobwezedwa m'mbuyo kuti galimoto yokalamba ioneke yaing'ono. Koma maofesi a Boma, masukulu, zipatala ndi mabungwe amagula magalimoto atsopano okhala ndi waranti ya zaka ndi makilomita, ndipo magalimoto otere amayenda kwambiri kotero kuti malire a mtunda ndiwo amayamba kukwanira. Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Blantyre podzera pa Zalewa pali makilomita pafupi 310. Chowerengera choonjezera magawo 3 pa 100 chidzalemba makilomita 9 osayendedwa pa ulendo umodzi wotere, ndi 18 popita ndi pobwera. Makilomita amenewa amalowa m'buku la maulendo, m'kuwerengera kwa mafuta, ndi m'mapepala a ndalama za mtunda kumene zimalipidwa. Ofesala wosunga buku limenelo ali kale ndi umboni m'manja mwake, akangoyerekeza maulendo a njira imodzi a magalimoto awiri kapena atatu.

Ndipo mfundo yake si yachilendo kwa ife. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972, limayesa masikelo a m'malonda ndi mapampu a mafuta, kuti lita ikhale lita ndi kilogalamu ikhale kilogalamu. Palibe amene amati kuyesako ndi kunyoza amalonda. Wamalonda woona mtima amakondwera nako, chifukwa kumamusiyanitsa ndi wonyenga. Ngati pampu imene ithira mafuta m'galimoto iyesedwa, nchifukwa ninji chipangizo chimene chigamula tsiku lakutha kwa lonjezo la galimoto yomweyo chikhale chosafunsidwa? Amene amalemba mapangano ogulira magalimoto ambiri nthawi imodzi ali ndi mphamvu imene munthu mmodzi alibe. Angathe kufunsa muyeso wa chowerengera asanasaine, ndi kuulemba m'panganomo.

Tsono zimene tipempha ndi zitatu, ndipo palibe cholemetsa. Choyamba, wopanga galimoto alembe poyera m'buku la mwini galimoto kuti chowerengera chake chingalakwe motani, mbali zonse ziwiri. Chachiwiri, mpata wa kulakwawo ukhale wofanana uku ndi uku, monga kampani ya Honda inachitira kuyambira 2007. Chachitatu, popeza kulakwa kwina kudzatsalabe, waranti isathe pa nambala yeni-yeni ya malire, koma pakhale choonjezera cholingana ndi kulakwa kumene wopangayo wabvomereza yekha. Wonena kuti chipangizo chake chingalakwe ndi magawo 4 pa 100 sangakanize munthu chithandizo chifukwa wapitirira ndi gawo limodzi, pakuti iye mwini sadziwa ngati munthuyo wapitiriradi.

Kampani yosunga zitatuzi idzataya pang'ono pa kukonza magalimoto ochepa, koma idzapeza chinthu chimene sichigulidwa ndi zolengeza za malonda, ndicho kukhulupiridwa. Ndipo kufikira tsiku limene zidzalembedwa m'malamulo, owerenga athu amene ali ndi galimoto yatsopano, kaya yao kaya ya ofesi, achite chinthu chimodzi mwezi uno: ayese chowerengera chao pa ulendo wautali, alembe zimene apeza, ndipo asunge pepalalo pamodzi ndi waranti.